Kutsegula bootloader kapena kuisiya yotseka: njira zinayi kwa mwini foni wa ku Dedza ndi Ntcheu

Mukakhala pang'ono pa benchi ya anyamata okonza mafoni pamsika wa Dedza, kapena ku Lizulu tsiku la msika, mumva mawu amodzimodzi akubwerezedwa: "Achimwene, tandianlokereni foniyi." Mawu ndi amodzi, koma nkhani zake ndi zinayi. Wina waiwala patani, kapena mwana anasintha pini akuseweretsa. Wina anatumiziridwa foni ndi m'bale wa ku Joni, ndiye ikukana simu ya Airtel ndi ya TNM chifukwa inamangidwa ku netiweki ya komweko. Wina anafufuta zonse m'foni, pano ikufuna akaunti ya Google ya mwini wake woyamba, loko imene Google inayamba kuika pa Android 5.1 pofuna kugwetsa mphwayi akuba.

Wachinayi ndi amene ndikumulembera pano. Foni yake ilibe vuto loti n'kuloza ndi chala, koma yamukwana. Yadzaza maapu amene iye sanawaitane, zotsatsa malonda zimangotulukira pasikirini n'kumadya bandulo, kampani inasiya kalekale kutumiza zosintha, ndipo wamva kwa mnzake kuti akatsegula bootloader atha kuikamo Android ina yopepuka.

Bootloader ndi kapulogalamu kamene kamadzuka koyambirira mukangodina batani loyatsira. Ntchito yake ndi ya mlonda wa pageti: Android isanalowe, amayamba waona ngati ili ndi chidindo cha kampani imene inapanga foniyo. Chidindo chikasowa, geti silitseguka ndipo foni siyaka. Kutsegula bootloader ndi kumuuza mlondayo kuti azilola mlendo aliyense amene mwini nyumba wabwera naye. Mukatero mutha kuika Android ina yosachokera ku kampani ya foniyo, imene amaitcha ROM, monga LineageOS, imene inatenga malo a CyanogenMod itatha mu Disembala 2016, kapena /e/OS, kapena GrapheneOS. Muthanso kupanga root, kutanthauza kutenga ulamuliro wonse wa foni, ndi apu ya Magisk n'kumalowa m'zipinda zonse zimene kampani inakhoma.

Maganizo anga sindibisa: foni imene munagula ndi ndalama zanu za mbatata ndi yanu, ndipo kiyi wake amayenera kukhala m'thumba mwanu. Koma makampani akupita kwina. Huawei inasiya kupereka manambala otsegulira mu 2018. ASUS inatseka chida chake chotsegulira mu 2023. Samsung inachotsa batani lotsegulira pa One UI 8, Android yake ya mu 2025. Xiaomi sinatseke, koma yaonjezera mageti moti ambiri amabwerera panjira. Ndiye zambiri zimakhala zitagamulidwa kale tsiku lomwe munagula foniyo, musanaganize n'komwe zotsegula.

Foni ya ngongole, ija mumalipira pang'onopang'ono ndipo imadzitseka mukadumphitsa tsiku, ili kunja kwa nkhani ino. Loko yake ndi ina, ndipo mpaka mutamaliza kulipira foniyo sinakhale yanu.

Miyeso imene ndikuyezera

Mtengo. Si ndalama yokha imene mupereke kwa wokonza. Werengerani bandulo yotsitsira mafayilo, thiransipoti, masiku odikira, komanso foni yeniyeniyo ngati ingafe. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula foni ina si nkhani yongodzuka nayo m'mawa.

Kupezeka. Kodi foni yanuyo, osati ya mnzanu yofanana nayo dzina, imalola kutsegulidwa? Nanga mukatsegula, chilipo choti muikemo? Kompyuta ndi kebulo yabwino muzipeza kuti?

Chisamaliro. Ndani azikutumizirani zosintha, kangati, ndipo zizidya bandulo yochuluka bwanji?

Zoopsa. Zithunzi ndi mauthenga, nambala ya IMEI imene netiweki imadziwira foni yanu, walanti, wakuba, ndipo koposa zonse ndalama. Apa pali chinthu chimodzi chotonthoza mtima. Manambala oimba aja, *211# ya Airtel Money, *444# ya Mpamba ndi *626# ya Mo626, amayenda kudzera pa simu ndi netiweki, ndiye sasamala kuti m'foni muli Android yanji. Amene amasamala ndi maapu. Apu ya banki itha kufunsa Google, kudzera pa Play Integrity imene inalowa m'malo mwa SafetyNet, ngati foni ikadali momwe inachokera kufakitale. Yankho likakhala ayi, apu ina imangokana kutseguka.

Njira yoyamba: osatsegula, koma kusesa m'nyumba

Anthu ambiri amene amandifunsa za bootloader, ndikawafunsitsa chimene chikuwavuta, ndimapeza kuti ndi zotsatsa malonda ndi maapu osafunika. Zimenezi sizifuna kugumula khoma.

Mtengo. Pafupifupi palibe. Maapu ambiri mutha kuwazimitsa mu Settings momwemo. Kuyambira pa Android 9 muli malo otchedwa Private DNS, mukalembamo dns.adguard-dns.com zotsatsa zambiri za m'maapu zimasiya kubwera, ndipo bandulo imapumako. Maapu okakamira, amene batani lawo lozimitsira ndi lakufa, amachoka ndi chida cha ADB kudzera pa kompyuta. Ngati foni ili ndi Android 11 kapena yoposa apo, kompyuta siifunikanso: apu ya Shizuku pamodzi ndi ya Canta zimagwira ntchito yomweyo, bola foni ilumikizidwe ku Wi-Fi. Hotspot ya foni ya mnzanu ikwanira.

Kupezeka. Foni iliyonse ya Android, kaya itel, Tecno, Infinix, Samsung kapena Redmi.

Chisamaliro. Maapu amene mwachotsa motere sanachokeretu. Abisika kwa inu ndipo sakudyanso batire kapena bandulo, koma mafayilo ake akadali m'chigawo cha kampani, moti malo osungira zinthu saonjezereka kwenikweni. Mukadzafufuta foni yonse, onse amabwerera ngati namsongole. Komanso zosintha zikadali m'manja mwa kampani. Apa mafoni amasiyana kwambiri: Pixel 8 ndi Galaxy S24 analonjezedwa zaka 7, Galaxy A16 zaka 6, pomwe timafoni totchipa timasiyidwa msanga.

Zoopsa. Zochepa. Mukachotsa chinthu chimene foni imadalira, monga kiyibodi yokhayo imene ilimo, kapena apu imene imaonetsa sikirini yoyamba, foni itha kumangozungulira osayaka, ndipo mankhwala ake ndi kufufuta zonse. Canta imagwiritsa ntchito mndandanda wa Universal Android Debloater, umene umasiyanitsa zochotseka bwinobwino ndi zoopsa. Musapyole gulu loyambalo. Walanti sikhudzidwa, apu ya banki siona kusintha kulikonse.

Njira yachiwiri: kutsegula foni imene muli nayo, ndi manja anu

Papepala ndi zophweka. Mumadina Build number kasanu n'kawiri kuti Developer options ioneke, mumayatsa OEM unlocking, mumalumikiza foni ku kompyuta n'kulemba fastboot flashing unlock. Foni imakufunsani ngati mwatsimikiza, kenako imafufuta zonse zimene zili m'kati. Kufufutako si ngozi ayi, anachita dala, kuti wotola foni yanu asatsegule n'kuwerenga zanu.

Mtengo. Mapulogalamu onse ndi aulere. Chimene chimaluma ndi bandulo. LineageOS imodzi imakhala pafupifupi gigabayiti imodzi kapena kuposerapo, maapu a Google ndi fayilo ina yapadera, ndipo munthu wanzeru amatsitsiratu sofutiweya yoyambirira ya kampani kuti akhale ndi pothawira zikavuta. Imeneyo ndi magigabayiti angapo. Musanayambe muyeneranso kukweza kope la WhatsApp ndi zithunzi ku Google Drive kapena kuzisamutsira pa kompyuta. Pamafunika laputopu yokhala ndi batire lamoyo, osati kompyuta ya padesiki, chifukwa magetsi akathima fayilo ili pakati panjira mutha kutsala ndi foni yosayaka.

Kupezeka. Nkhani yonse yagona apa, ndiye ndichedwapo.

Mafoni amene adzaza m'matumba mwathu kuno ndi Tecno, Infinix ndi itel, onse a kampani imodzi ya Transsion ya ku Shenzhen. Ambiri ali ndi tchipu cha MediaTek kapena Unisoc. A MediaTek ena amatseguka, a Unisoc kawirikawiri ndi ovuta. Koma vuto lalikulu limadza mutatsegula kale: muikamo chiyani? Mukayang'ana mndandanda wa mafoni amene LineageOS imawasamalira mupezamo Google, Motorola, OnePlus, Xiaomi, Samsung, Sony ndi Fairphone. Mafoni athu a Transsion ndi osowa m'menemo. Chotsala ndi GSI, Android ya aliyense, imene inatheka chifukwa cha Project Treble ya mu 2017. Imeneyi ili ngati malaya a pakaunjika: alowa ndithu, koma mkono wina utalika. Foni iyaka, koma mwina kamera ikujambula mwachimbuuzi, mwina chala sichikutsegulanso, mwina simu yachiwiri ikuvuta. Kwa munthu wa m'malire amene amasinthasintha TNM, Airtel ndi Movitel ya ku Mozambique malinga ndi komwe netiweki ikugwira, simu yachiwiri si chinthu choseweretsa.

Samsung ili ndi msampha wake. M'kati muli kafyuzi ka Knox kamene kamapsa mukangoika sofutiweya yopanda chidindo cha kampani, ndipo sikabwereranso ngakhale mudzabwezeretse zonse. Kakapsa, Secure Folder, Samsung Pass ndi Samsung Wallet zimasiya kugwira mpaka kalekale, ndipo aliyense wodziwa atha kuona kuti foni inaseweretsedwa. Ma Galaxy opangira msika wa ku America ndi Canada ambiri satseguka n'komwe, ndipo amenewa amapezeka pakati pa mafoni ogwiritsidwapo kale. Amene afika pa One UI 8 nawonso geti lawo latsekedwa. Otsala ndi akale, amene amatsegulidwa kudzera mu Download mode. Dziwaninso kuti pa Samsung yoikidwa Android ina, kuimba kudzera pa 4G, kumene amati VoLTE, kawirikawiri sikugwira.

Xiaomi, Redmi ndi Poco ndi amene ali ndi ma ROM ambiri, makamaka okhala ndi tchipu cha Snapdragon. Koma pamafunika kudekha ngati wofuna kuona maso a nkhono. Pa MIUI, Android yakale ya Xiaomi, mumalumikiza foni ku akaunti ya Xiaomi kudzera pa data ya simu, n'kudikira maola 168, sabata yathunthu, chida cha Mi Unlock chisanavomere. Pa HyperOS, imene inalowa m'malo mwa MIUI, muyenera kupempha chilolezo kudzera mu apu ya Xiaomi Community, akaunti yanu ikhale yoti yatha masiku 30, ndipo kuyambira 2025 akaunti imodzi imatsegula foni imodzi pachaka. Malo a tsiku lililonse ndi owerengeka, moti anthu amayesa masiku ambiri asanapeze mwayi.

Motorola imapereka nambala yotsegulira pa tsamba lake la intaneti, mutavomera kuti walanti yatha, ngakhale si mafoni ake onse amene amaloledwa. Huawei ayi. iPhone ilibe bootloader yoti mwini wake n'kutsegula. Jailbreak, kuthyola maloko a iPhone, ndi nkhani ina, yodalira zibowo zimene Apple imatseka ikazizindikira.

Chinthu china chimene chapha mafoni ambiri ndi dzina. Redmi Note 8 ili ndi Snapdragon 665 ndipo dzina lake lam'kati ndi ginkgo. Redmi Note 8 Pro ili ndi MediaTek, dzina lake begonia. Redmi Note 8 ya 2021 ndi MediaTek inanso, biloba. Pabokosi zikuoneka ngati za mimba imodzi, koma fayilo ya imodzi mukaiika mwa inzake, mwapha foni. Safunsa anadya phula: pezani dzina lam'katilo musanatsitse chilichonse.

Chisamaliro. Kuyambira tsiku limenelo kampani ndinu. LineageOS imatulutsa zosintha pafupifupi sabata iliyonse, ndipo chilichonse ndi fayilo yathunthu, ndiye kuno ambiri amangosintha kamodzi pamwezi kapena akapeza Wi-Fi. Kudumphira ku Android yotsatira kumafunanso kompyuta. Amene amasamalira foni iliyonse pamndandanda uja ndi munthu wongodzipereka, ndipo akatopa kapena foni yake ikafa, chisamaliro chimathera pomwepo. Palinso zigawo zimene ROM singazikonze, monga sofutiweya ya modemu imene imalankhula ndi netiweki. Imeneyo imatsala pomwe kampani inaisiyira. Ndiye foni yakale yokhala ndi Android yatsopano ndi yabwinoko kuposa yosiyidwa, koma si yatsopano.

Amene apanga root n'kumabisa kwa maapu a banki alowa m'mpikisano wosatha. Lero njira yagwira, mawa Google yasintha, apu yakana pomwe muli pamzere wolipira feteleza. Ine zimenezo ndinasiya.

Zoopsa. Walanti nthawi zambiri imatha. Nthawi iliyonse mukayatsa foni pamatuluka chenjezo loti ndi yotsegula. Pa MediaTek pamalembedwa Orange State. Maapu ena a banki akana, ndipo Netflix itha kutsika n'kumaonetsa zithunzi zosawala bwino. Ma Xiaomi ena ali ndi chitetezo choletsa kubwerera ku sofutiweya yakale, ndipo mukakakamiza foni imafa. Geti lotsegula ndi lotsegulira aliyense: wakuba atha kuikamo zake n'kuigulitsa mosavuta, ngakhale mafayilo anu amakhalabe obisika ngati pini yanu ndi yolimba. Ndipo ROM yotola pagulu la Telegram, yopangidwa ndi munthu wosadziwika, ndi mlendo amene mukumupatsa mauthenga anu onse ndi mapini amene mumalemba. Walira mvula walira matope.

Njira yachitatu: kupita nayo kwa wokonza mafoni

Mtengo. Mumagwirizana pomwepo, malinga ndi foni komanso nkhope yanu. Bandulo ndi kompyuta ndi zake, ndiye kwa foni imodzi zitha kutchipa kuposa kuchita nokha. Ochokera ku Mayani, Kasumbu, Tsangano kapena Kasinje aonjezerepo ya kabaza kapena minibasi, mwina kawiri, chifukwa "mubwere mawa" ndi yankho lodziwika.

Kupezeka. Paboma pa Dedza ndi pa Ntcheu alipo ambiri, ndipo misika ikuluikulu ya m'mbali mwa M1 siisowa mmodzi kapena awiri. Ndiwalemekeze: pa kusintha sikirini, kukonza potchajira, ndi kufulasha foni yozungulira kuti ibwerere mwakale, anyamatawa ndi akatswiri, ndipo ena amadziwa mapulogalamu ofulashira a Odin ndi SP Flash Tool kuposa ife olemba. Koma ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kubwezeretsa sofutiweya ya kampani. Kuika LineageOS ndi ntchito ina, ndipo si onse amene anaichitapo. Mufunseni kuti anaikapo pa foni yanji. Akayankha kuti "zonse timapanga, bwana", khalani tcheru.

Chisamaliro. Mwachoka m'manja mwa kampani n'kulowa m'manja mwa munthu mmodzi. Chikavuta chilichonse mubwerera kwa iye, ndipo akasamukira ku Lilongwe kapena ku Joni mwatsala ndi foni imene wokonza wina sakudziwa kuti munaikidwa chiyani. Ngati ndi Xiaomi ndipo watsegula ndi akaunti yake, onetsetsani kuti waitulutsa musanachoke.

Zoopsa. Izi ndinaziona ndi maso anga. Kafoni kanga kena kanayamba kumangozungulira pa chizindikiro choyambira, ndipo ndinakasiya kwa mnyamata wina pamsika wina wa m'mbali mwa msewu waukulu. Madzulo ndinakapeza kakuyaka bwinobwino, ndinalipira ndikumwetulira. Nditafika kunyumba n'kuika simu, netiweki zii. Nditaimba *#06# kuti ndione IMEI, panalibe nambala. Chimene chinachitika n'chakuti mafoni a MediaTek amasunga IMEI m'kachigawo kotchedwa NVRAM, ndipo mu SP Flash Tool muli njira ina, Format All + Download, imene imasesa foni yonse pamodzi ndi kachigawoko. Njira yosamala ndi Download Only. Pa Samsung kachigawo kofanana nako ndi EFS. Ndinapulumuka chifukwa bokosi la foni linali likadalipo, ndiye nambala yake yeniyeni inabwezeretsedwa. Wokonza akakuuzani kuti angolembamo nambala ina iliyonse, kanani. Simudziwa kuti ndi ya foni ya ndani, kapena kuti foniyo inachita zotani.

Choncho musanasiye foni, imbani *#06# ndi kulemba manambalawo papepala. Chotsani simu ndi memore khadi. Ngati foni ikuyaka, tulutsani akaunti ya Google, mufufute nokha zonse mutasunga kope. Zithunzi zina za anthu zimene zimayenda m'magulu a WhatsApp zinatuluka foni ili m'manja mwa munthu wina.

Njira yachinayi: kugula foni yopangidwa kuti izitseguka

Kunena zoona apa tikunena Google Pixel. Fairphone ya ku Netherlands nayo imalola kutsegula ndipo imagulitsa zipangizo zosinthira, koma kuno kuipeza, ndi kupeza zipangizo zakezo, ndi maloto.

Chimene chimasiyanitsa Pixel n'chakuti mukaika GrapheneOS mumatha kutsekanso bootloader ndi chidindo chatsopano. Mlonda amabwerera pageti, koma tsopano akumvera amene inu mwasankha. Pa mafoni ena ambiri, kutsekanso muli ROM yachilendo ndi njira yachidule yophera foni.

Mtengo. Wokwera kuposa njira zina zonse. Pixel sigulitsidwa ndi Google m'Malawi muno. Imabwera ndi anthu ochokera kunja, yambiri yogwiritsidwapo kale. Kuika GrapheneOS kwenikweniko n'kwaulere ndipo kumachitikira pa tsamba lawo kudzera mu Chrome ndi kebulo, osalemba malamulo ambirimbiri.

Kupezeka. Muyembekezere ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa Dedza, kapena kutuma munthu. Ndalama isanachoke m'manja, lumikizani foniyo ku intaneti, lowani mu Developer options muone ngati OEM unlocking ikudinika. Ikakhala yotuwa, mwina ndi ya netiweki ya Verizon ya ku America, ndipo imeneyo siidzatseguka ngakhale mutaipempherera. Chachiwiri, Pixel ili ndi malo a simu imodzi yokha, yachiwiri ndi eSIM, simu yosagwirika imene imalembedwa m'foni momwemo. Funsani kaye ku kampani ya netiweki yanu ngati angakusamutsireni nambala pa eSIM. Chachitatu, ikagwa pansi n'kusweka, sikirini yake simuipeza pa Kampepuza.

Chisamaliro. Apa ndi pamene njira imeneyi imapambana. Zosintha zimabwera zokha, ndipo kawirikawiri foni imangotsitsa zimene zasintha osati fayilo yonse. Maapu a Google mutha kuwaika ngati maapu wamba opanda mphamvu zapadera, kapena osawaika n'komwe. Apu iliyonse mutha kuimana intaneti, zimene ndi zabwino kwa bandulo. Koma GrapheneOS imayendera nthawi ya Google. Pixel 6 chisamaliro chake chinaikidwa kuthera mu Okutobala 2026, Pixel 7 mu Okutobala 2027, Pixel 8 mu Okutobala 2030. Pixel 5 ndi akale kuposa apo anasiyidwa kale. Musakopeke ndi mtengo wotsika wa Pixel 4. Ngati mukufuna yakale choncho, ndiye kuti mwabwerera ku njira yachiwiri ndi LineageOS.

Zoopsa. Maapu ambiri a banki amagwira, koma amene amafuna chidindo chenicheni cha Google amakana, ndipo apu imene ikugwira lero itha kusintha malamulo ake chaka chamawa. Batire la foni yogwiritsidwapo kale limakhala litatopa. Ndipo ufulu umenewu nawo uli m'manja mwa kampani: mu 2025, potulutsa Android 16, Google inasiya kufalitsa mafayilo ena a Pixel amene opanga ma ROM ankadalira, ndipo ntchito yawo inalemererapo.

Ndani atenge njira iti

Ngati foni yanu ndi imodzi yokha ndipo ndi imene mumalandirira ndalama za kabichi, tomato kapena mbatata, tengani njira yoyamba. Ejenti wa Mpamba kapena Airtel Money asayese n'komwe kutsegula foni ya ntchito. Wa foni ya ngongole azimitse maapu mu Settings, aike Private DNS, athere pomwepo.

Wa itel, Tecno kapena Infinix, njira yoyambanso. Ngakhale itatseguka, chimene mupeze kuseri kwa getilo n'chochepa poyerekeza ndi chimene mungataye. Ndingasinthe mawu pokhapokha ngati foniyo ndi yachiwiri ndipo mukufuna kuphunzirirapo.

Mwana wa sukulu kapena aliyense wokonda kufufuza, amene ali ndi Redmi, Poco kapena Motorola yakale ya Snapdragon ili m'dirowa, ndipo dzina lake lam'kati likupezeka pamndandanda wa LineageOS: njira yachiwiri ndi yanu. Foni imene kampani inaitaya itha kugwiranso ntchito zaka zina, ndipo ikafa simunataye chakudya cha ana. Bwerekani laputopu, sankhani tsiku limene simukuthamangira kwina.

Wa Samsung yatsopano kapena imene ikulandirabe zosintha, isiyeni. Zaka zimene kampani inalonjeza n'zamtengo kuposa root. Wa Galaxy yakale yosiyidwa aganizire kaye za kafyuzi ka Knox, makamaka ngati akufuna kudzaigulitsa.

Ngati foni yafa kale kapena ikungozungulira, pitani kwa wokonza, koma pempho lanu likhale loti abwezeretse sofutiweya ya kampani, osati kuyesa zachilendo. Muuzeni za Download Only. Wodziwa ntchito sakwiya nazo.

Mtolankhani, wogwira ntchito yosunga zinsinsi za anthu, kapena amene akungofuna foni imene iye yekha ndi amene akuilamula, ndipo ndalama ilipo, agule Pixel 8 kapena yoposa apo, aikemo GrapheneOS, atsekenso bootloader. Ngati amakhala cha ku Lizulu, Biriwiri kapena Tsangano ndipo amayenda ndi masimu atatu, agulenso kafoni ka mabatani ka simu ziwiri. Kameneko kazisunga nambala ya ndalama ndi ya Movitel, ndipo batire lake limatha masiku angapo magetsi akathima.